Chikalata cha boma chisanakhale umboni kukhothi

Munthu amene ali ndi mlandu kukhothi kawirikawiri amaganiza kuti ntchito yake yatha akangopeza pepala lomuikira kumbuyo. Wapeza fotokope ya tsamba la m'kaundula wa malo pomwe pali dzina la malemu bambo ake, kapena wajambula ndi foni nkhani ya m'nyuzipepa yakale imene anaipeza ku laibulale, ndipo mumtima mwake mlandu wapambana kale. Koma akafika pamaso pa woweruza, loya wa mbali inayo amangoimirira n'kufunsa mofatsa kuti pepalali lachokera kuti, ndani angatsimikize kuti likufanana ndi lenileni, nanga amene analemba mawu ali pamenepawo ali kuti kuti afunsidwe mafunso. Mafunso amenewa akasowa yankho, pepala lija limaikidwa pambali ngakhale zonse zolembedwapo zitakhala zoona. Kupeza chikalata ndi ntchito ina, kuchifikitsa poti khothi lichilandire ngati umboni ndi ntchito inanso, ndipo njira imene munthu wadzera pochipeza ndi imene nthawi zambiri imagamula ngati chidzalandiridwe.

Makhothi amakayikira pepala pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa kuyambira pachiyambi. Chifukwa choyamba n'chakuti pepala likhoza kukhala lachinyengo, losinthidwa kapena losakwanira, choncho wina ayenera kusonyeza kuti ndi lomwelodi limene akulinena. Chachiwiri n'chakuti ngakhale pepala likhale lenileni, mawu olembedwapo ananenedwa kunja kwa khothi ndi munthu amene sanalumbire ndiponso amene mbali inayo singathe kumufunsa, motero amakhala ngati umboni wongomva kwa ena. M'maiko amene malamulo awo anachokera ku England nkhani yachiwiriyi ndi yaikulu kwambiri. Chidindo chikhoza kuthetsa vuto loyamba koma n'kusiya lachiwiri lili chiimire, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepa poganiza kuti chidindo cha boma chimasandutsa mawu aliwonse kukhala choonadi.

Zikalata za boma zili ndi mwayi umene kalata ya munthu wamba ilibe. Maganizo a malamulo ndi akuti wolemba m'kaundula wa ana obadwa kapena wa malo amalemba chifukwa ndi udindo wake, amalemba pa nthawi imene chinthucho chikuchitika, ndipo alibe phindu lililonse pa mlandu umene udzabuke zaka 20 kutsogolo. Kuwonjezera apo, kalaliki amene analembetsa anthu zikwi zambiri sangakumbukire mmodzi mwa iwo, kotero kumuitana kudzachitira umboni n'kungotaya nthawi, pakuti adzangowerenga zomwe zili m'buku lomwelo. N'chifukwa chake malamulo a umboni a makhothi a boma lalikulu la United States, amene anayamba kugwira ntchito mu 1975, amalola zolembedwa za maofesi a boma kulowa ngati umboni pa ndime 803(8), ndipo pa ndime 902 ndi 1005 amalola kope lotsimikizidwa ndi wosunga zikalatazo kuimira chikalata chenichenicho popanda mboni. Ku England, gawo 9 la Civil Evidence Act ya 1995 limachita zofanana pa milandu yosakhala ya upandu: chikalata chomwe chili mbali ya zolembedwa za nthambi ya boma chimalandiridwa ngati pali setifiketi yosainidwa ndi mkulu wa nthambiyo. Palinso chifukwa china chosavuta kumva, chakuti kaundula weniweni sangamachoke mu ofesi n'kumakagona m'makabati a makhothi pomwe anthu ena akumufuna tsiku ndi tsiku.

Mwayi umenewu uli ndi malire, makamaka pa milandu ya upandu. Lipoti limene apolisi alemba pokonzekera kuzenga munthu mlandu silifanana ndi kaundula wa ana obadwa, chifukwa olembawo ali ndi mbali pa nkhaniyo. Mu 2009, pa mlandu wa Melendez-Diaz v. Massachusetts, khothi lalikulu la United States linagamula kuti setifiketi ya ku labotale ya boma yonena kuti zimene anagwidwa nazo munthu ndi mankhwala osokoneza bongo singalowe yokha ngati umboni, koma woyeza mankhwalawo ayenera kubwera kuti woimbidwa mlandu amufunse mafunso.

Kutsimikiza kope ndi ntchito yooneka yaing'ono koma imene imafuna maso. Wosunga kaundula amatulutsa buku lenileni, amajambula tsamba lofunikalo, n'kuyerekeza kope ndi buku mzere ndi mzere, kenako amalemba pa kopelo kuti ndi lofanana ndi chikalata chimene ofesi yake ikusunga, amaika dzina lake, udindo wake, tsiku, siginecha ndi chidindo cha ofesi. Wolandira kopelo asachoke pawindo asanayang'ane zinthu zingapo zimene zimaiwalika kawirikawiri. Kuseri kwa tsamba kumatha kukhala mawu osonyeza kuti malowo anagulitsidwa kapena anaikidwa chikole, m'mphepete mumatha kukhala mawu a inki yofiira okonza dzina lolembedwa molakwika, ndipo makina a fotokope amakonda kudula m'mphepete momwemo. Ngati masamba ali asanu ndi awiri koma chidindo chili pa loyamba lokha, popanda mawu onena kuchuluka kwa masamba, loya wochenjera adzafunsa kuti ndani akudziwa kuti lachinayi silinalowetsedwe panjira. Pali kusiyana kwinanso kumene anthu sakuona msanga: loya kapena wolumbiritsa anthu akadinda fotokope, amangotsimikiza kuti ikufanana ndi pepala limene mwamuonetsa, ndipo sanganene chilichonse ngati pepala limenelo likugwirizana ndi zimene zili m'kaundula wa boma. Amene angatsimikize zimenezo ndi wosunga kaundulayo basi.

Tsono chikalatacho chimatuluka bwanji mu ofesi? Zina n'zosavuta, chifukwa makaundula ena anakhazikitsidwa kuti aliyense azitha kuwaona, monga a malo, a makampani ndi a zigamulo za makhothi m'maiko ambiri, ndipo munthu amangolemba fomu, n'kulipira zofunika, n'kupempha kope lotsimikizidwa. Zovuta ndi zimene zili m'mafayilo a mkati mwa ofesi: makalata, malipoti a oyendera ntchito, zokambirana za pa misonkhano. Pa zimenezi pali njira ziwiri, ya malamulo opatsa anthu ufulu woona zimene boma likusunga, ndi ya lamulo lochokera kukhothi lenilenilo.

Njira yoyambayo ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Dziko la Sweden linakhazikitsa ufulu woona zikalata za boma mu 1766, ndipo mmodzi mwa amene anaulimbikira anali m'busa Anders Chydenius. United States inatsatira patapita zaka 200, pomwe Lyndon Johnson anasaina Freedom of Information Act mu 1966. Britain inapanga lamulo lake mu 2000 koma linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2005, South Africa inapanga lake mu 2000, India mu 2005, ndipo lero maiko oposa 100 ali ndi malamulo otere. Nthawi yoyankhira imasiyana: ku United States ndi ku Britain ndi masiku 20 ogwira ntchito, ku South Africa ndi ku India ndi masiku 30, ndipo lamulo la India limafuna yankho pasanathe maola 48 ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu. Masiku amenewa ndi a pa pepala. Maofesi ambiri amawawonjezera mwalamulo kapena kungowadumpha, ndipo kuchita apilo kumatenga miyezi.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti munthu akhoza kuigwiritsa ntchito asanasume n'komwe, pomwe akufuna kudziwa ngati ali ndi mlandu womveka, komanso m'malamulo ambiri otere wopempha safunika kufotokoza chifukwa chimene akufunira chikalata cha boma. Koma ubwino womwewo uli ndi mbali ina yowawa. Popeza lamulo silifunsa chifukwa, silimveranso chisoni munthu amene ali ndi chifukwa chachikulu, ndipo wa mlandu amapatsidwa zomwezo zimene mtolankhani kapena munthu wongofuna kudziwa akanapatsidwa. Lamulo la United States lili ndi zifukwa 9 zimene ofesi ingakanire, monga chitetezo cha dziko, zinsinsi za malonda, moyo wachinsinsi wa anthu ena ndi kafukufuku wa apolisi, ndipo maiko ena ali ndi mindandanda yofanana. Zotsatira zake n'zakuti pepala limabwera mayina ndi ndime zina zitadetsedwa ndi inki yakuda, mwina ndime yomweyo imene mlandu wonse watsamirapo. Komanso kope lotuluka m'njira imeneyi kawirikawiri silikhala lotsimikizidwa pokhapokha wopempha atanena poyera kuti akufuna lotero. Lamulo la India limatchula mwachindunji ufulu wotenga makope otsimikizidwa, koma si malamulo onse amene amatero.

Makhothi sakondanso kuti njira imeneyi izilowa m'malo mwa dongosolo lawo. Khothi lalikulu la United States linanena pa mlandu wa NLRB v. Robbins Tire mu 1978 kuti lamulo la 1966 lija silinapangidwe kuti likhale chida cha anthu a milandu chopezera umboni mozembera ndondomeko ya khothi. South Africa inapita patsogolo n'kuchilemba m'lamulo momwemo: gawo 7 la Promotion of Access to Information Act limati lamuloli siligwira ntchito pa chikalata chimene chapemphedwa chifukwa cha mlandu umene wayamba kale, ngati pali lamulo lina lofotokoza mmene chingapezekere, ndipo chikalata chopezedwa mophwanya gawoli sichilandiridwa ngati umboni pokhapokha khothi litaona kuti kuchikana kungawononge chilungamo. Apa tsiku limene munthu watumiza pempho, kaya asanasume kaya atasuma, likhoza kusintha zonse.

Mlandu ukayamba, chida champhamvu ndi chisamani cha khothi cholamula munthu kubwera ndi zikalata, chimene maloya amachitchula m'Chilatini kuti subpoena duces tecum. Chimapita kwa wosunga zikalata, chimatchula zimene abweretse ndi tsiku, ndipo kuchinyozera ndi kunyoza khothi. Chimafika pomwe lamulo la ufulu woona zikalata silifika, chifukwa woweruza akhoza kulamula kuti fayilo ya chipatala kapena ya ofesi ya misonkho ibwere, n'kuikapo malire akuti ioneke kwa maloya okha kapena mayina a anthu osakhudzidwa abisidwe. Koma pano wopempha ayenera kusonyeza kuti zikalatazo zikukhudzadi mlanduwo, ndipo woweruza amakana pempho limene likuoneka kuti mwini wake akungofuna kufwanthula makabati a ofesi mwachimbulimbuli kuti mwina angatolemo kanthu. Ku United States kulinso chopinga china chochokera pa mlandu wa Touhy v. Ragen wa 1951: nthambi za boma lalikulu zili ndi malamulo awoawo onena amene angavomereze kutulutsa zikalata, ndipo wogwira ntchito wamba sangakakamizidwe kuzitulutsa ngati akuluakulu ake amuletsa motsatira malamulowo. Wofuna zikalata amayenera kulembera nthambiyo kaye.

Nkhondo yeniyeni imabuka boma likanena kuti kutulutsa chikalata kungavulaze dziko. Funso limene makhothi analimbana nalo zaka zambiri ndi lakuti, nduna ikanena choncho, woweruza angovomera kapena ayambe waona yekha pepalalo? Mu 1939 sitima ya pansi pa madzi ya Britain yotchedwa Thetis inamira ikuyesedwa ndipo anthu 99 anafa. Abale awo atasumira kampani imene inaipanga n'kupempha mapulani ake, boma linakana, ndipo mu 1942, pa mlandu wa Duncan v Cammell Laird, a House of Lords, khothi lalikulu la Britain pa nthawiyo, anagamula kuti mawu a nduna ndi omaliza. Pa nthawi ya nkhondo, ndiponso pa mapulani a sitima yankhondo, chigamulocho chinali chomveka, koma maunduna anayamba kuchigwiritsa ntchito pa mapepala wamba amene analibe chinsinsi chilichonse. Zinasintha mu 1968 pa mlandu wa Conway v Rimmer, wokhudza malipoti a wapolisi wachinyamata amene anachotsedwa ntchito, pomwe khothi lomwelo linanena kuti woweruza ali ndi mphamvu yowerenga zikalatazo payekha n'kuyeza chimene chikulemera, chinsinsi cha boma kapena chilungamo cha mlandu.

Mlandu wa United States v. Reynolds wa 1953 umasonyeza chimene chimachitika woweruza akapanda kuyang'ana. Ndege yankhondo ya B-29 inagwa m'chigawo cha Georgia mu 1948, ndipo akazi amasiye atatu a akatswiri amene anaferamo anapempha lipoti la ngoziyo. Boma linati lipotilo lingaulule zinsinsi za zida zimene ndegeyo inkayesa, ndipo khothi lalikulu linavomereza osaliwerenga. Patapita zaka pafupifupi 50 lipotilo linapezeka litachotsedwa pa mndandanda wa zachinsinsi, ndipo linalibe tsatanetsatane wa zida zija, koma linali ndi zambiri zokhudza zolakwika pa kasamalidwe ka ndegeyo. Mabanja atayesa kutsegulanso mlanduwo, makhothi anakana. M'kuona kwanga, amene wakanizidwa chikalata pa chifukwa cha chinsinsi asamalimbane kwambiri ndi kunena kuti boma likunama, chinthu chimene sangathe kuchitsimikiza, koma apemphe kuti woweruza aliwerenge m'chipinda chake, chifukwa pempho limenelo n'lovuta kulikana.

Kaya munthu wadzera njira iti, pempho lolembedwa bwino limapulumutsa miyezi. Ofesi sisunga zinthu motsatira nkhani imene ili m'mutu mwa wopempha, imasunga motsatira manambala a mafayilo, zaka, mayina ndi nthambi. Kulemba kuti mukufuna zonse zokhudza nkhani ya malo anu kumabweretsa yankho lakuti pempholo ndi lotambalala kwambiri, pomwe kutchula nambala ya puloti, mtundu wa chikalata ndi zaka zimene chinalembedwa kumamutsogolera kalaliki pa shelefu yeniyeni. Safunsa anadya phula: mphindi zochepa zocheza ndi wosunga mafayilo, kumufunsa mmene ofesi yake imatchulira chikalata chimene mukufuna ndiponso kumene mafayilo a zaka zimenezo anapita, zimathandiza kuposa makalata atatu aukali. Tiyeneranso kukumbukira kuti maofesi ali ndi ndondomeko yowonongera mapepala akakwanitsa zaka zoikika, ndipo kutero si mlandu. Woganiza zosuma amachita bwino kulemba kalata msanga yodziwitsa ofesiyo kuti mafayilo akutiakuti adzafunika kukhothi, n'kusunga umboni wakuti kalatayo inalandiridwa, pakuti kuwononga zikalata pambuyo pa chenjezo lotere kumapatsa woweruza mpata woganiza kuti zinali ndi mawu otsutsa amene waziwonongayo.

Mafayilo amene apulumuka amasamutsidwira ku nyumba zosungira zikalata zakale za dziko. Ku Britain lamulo la 1958 linkatsegula mafayilo otere pakapita zaka 50, mu 1967 zinatsitsidwa kufika pa 30, ndipo kuyambira mu 2013 anayamba kuzitsitsa pang'onopang'ono kufika pa 20. Koma ndondomeko imeneyi imagwira ntchito pa mafayilo amene boma lavomera kuti lili nawo. Mu 2009 okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa m'misasa ya atsamunda pa nthawi ya Mau Mau, gulu limene linkamenyana ndi ulamuliro wa atsamundawo, anasumira boma la Britain ku London. Akatswiri a mbiri yakale, mmodzi mwa iwo David Anderson, anaona m'zikalata zimene zinalipo kale zizindikiro zosonyeza kuti mafayilo ena anatulutsidwa m'Kenya dzikolo litatsala pang'ono kulandira ufulu mu 1963. Khothi litalamula kuti afufuzidwe, mu 2011 boma linavomera kuti pa malo ake a Hanslope Park panali mafayilo pafupifupi 1,500 a Kenya, pakati pa mafayilo pafupifupi 8,800 ochokera m'maiko 37 amene ankalamulidwa ndi Britain. Lamulo la ufulu woona zikalata linali likugwira ntchito kuyambira 2005, koma mafayilowa sanatulukire kumeneko, anatuluka chifukwa cha lamulo la woweruza. Mu 2012 khothi linalola mlanduwo kupitirira ngakhale panali patapita zaka zoposa 50, mwa zina chifukwa zikalatazo zinali zokwanira kuti uzengedwe mwachilungamo, ndipo mu June 2013 boma linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa anthu 5,228. Chimene chinatsegula chitseko chinali luso lodziwa kuwerenga mipata, kuona kuti nambala ya fayilo ikutchulidwa m'kalata ina koma fayiloyo palibe pa shelefu.

Nthawi zina chikalata chimakhala chitatayikadi. Moto wa pa 12 July 1973 ku National Personnel Records Center mumzinda wa St. Louis unawononga mafayilo a asilikali pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ndipo mu 1922 nyumba yosungira zikalata za Ireland ku Dublin inapsa pa nkhondo yapachiweniweni pamodzi ndi zolembedwa za zaka mazana ambiri. Zikatero malamulo amalola umboni wolowa m'malo, monga makope amene anatsala kwina, mabuku a malipiro, kapena mboni imene inaona chikalatacho, koma pokhapokha zitasonyezedwa kuti chenichenicho chinafunidwa mwakhama osapezeka. Kusapezeka kwa chinthu m'kaundula kukhozanso kukhala umboni pakokha, monga pofuna kusonyeza kuti munthu sanapatsidwepo laisensi, ndipo ndime 803(10) ya malamulo a United States aja imalola setifiketi yonena zimenezo. Mawu a setifiketi yotere ayenera kuwerengedwa mosamala. Kunena kuti sitinapeze sikufanana ndi kunena kuti tinafufuza m'makaundula akutiakuti a zaka zakutizakuti ndipo mulibe, ndipo khothi limadalira mawu achiwiriwo.

Laibulale ili ndi malo ake osiyana pa nkhani imeneyi, chifukwa sinalembe zimene ikusunga. Woyang'anira laibulale sangalumbire kuti nkhani ya m'nyuzipepa ya 1984 ndi yoona. Chimene angalumbire n'chakuti nyuzipepa imeneyi ili m'manja mwa laibulale, inalandiridwa pa nthawi yakuti, ndipo kope ili likufanana nayo. Pa milandu ina zimenezo n'zokwanira, mwachitsanzo pofuna kusonyeza kuti chidziwitso chinalengezedwa pa tsiku lakuti, kuti mawu onyoza munthu anasindikizidwadi, kapena kuti lamulo linkawerengeka motani lisanasinthidwe, pakuti mlandu umaweruzidwa ndi lamulo la pa nthawi imene nkhaniyo inachitika, ndipo gazeti yakale ya boma imapezeka ku laibulale mosavuta kuposa ku unduna. Malaibulale akuluakulu monga British Library amalandira mwalamulo kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko lawo, choncho ndiwo malo oyamba kufunako zinthu zimene wosindikiza wake anatseka kalekale.

Kachidindo kakang'ono ka tsiku lolandirira buku, kamene owerenga sakayang'ana n'komwe, kamagamula milandu ya ndalama zambiri pa nkhani za patenti, chikalata cha boma chopatsa wotulukira luso latsopano umwini wa lusolo, pomwe funso limakhala lakuti luso linalake linali litadziwika kale kapena ayi. Pa mlandu wa In re Hall wa 1986 ku United States, patenti inakanidwa chifukwa cha buku limodzi la kafukufuku wa digiri ya PhD limene linali mu laibulale ya yunivesite ya Freiburg ku Germany. Mmodzi mwa akuluakulu a laibulaleyo sanathe kutchula tsiku lenileni limene bukulo linafika pa shelefu, koma analumbira za mmene laibulaleyo imagwirira ntchito nthawi zonse polandira ndi kulemba mabuku m'ndandanda, ndipo khothi linati zimenezo n'zokwanira. Pa mlandu wa In re Bayer wa 1978 zinatembenuka, chifukwa buku lofanana nalo linali lisanalembedwe m'ndandanda, motero munthu wofufuza sakanalipeza. Buku limawerengedwa kuti lafika kwa anthu pamene wofuna angathe kulipeza, osati pamene langolowa pakhomo.

Mapepala akale kwambiri ali ndi lamulo lawo lowafewetsera njira. Malamulo akale a ku England ankati chikalata cha zaka 30 chimene chapezeka pamalo oyenera kupezekapo, ndipo sichikuoneka chokayikitsa, chimadzitsimikizira chokha, popeza olemba ndi mboni zake mwina anamwalira. Makhothi a boma lalikulu la United States amawerenga zaka 20. Mu 2017 anachepetsa mbali ina ya lamuloli kuti mawu a m'chikalata azilandiridwa chifukwa cha ukale wokha ngati chinalembedwa tsiku la 1 January 1998 lisanafike, poopa kuti mulu wa zolembedwa za pa kompyuta, zoona ndi zabodza zomwe, uyamba kulowa m'makhothi pongoti wakalamba. Mawu akuti pamalo oyenera ndi amene amapatsa mphamvu laibulale ndi nyumba yosungira zikalata, ndipo n'chifukwa chake nambala ya bokosi, ya fayilo ndi ya tsamba iyenera kulembedwa pa nthawi yomwe munthu akujambula, osati kudzaikumbukira pambuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene malaibulale amakaniza dala, ndicho zolembedwa zosonyeza amene anabwereka buku liti. Pafupifupi zigawo zonse za United States zili ndi malamulo oteteza zimenezi, ndipo malaibulale ambiri amafafaniza dzina la wobwereka buku likangobwezedwa, kotero ngakhale chisamani chikabwera chimapeza palibe chotulutsa.

Zolembedwa za pa kompyuta zabweretsa mafunso atsopano pa mfundo zakale zomwezi. Tsamba la pa intaneti la unduna likhoza kusinthidwa usiku, ndipo chithunzi chimene munthu anajambula pa foni yake chimangotsamira pa mawu ake okha. Bungwe la Internet Archive, limene linayamba mu 1996 ndipo limasunga masamba akale pa Wayback Machine, limapereka chikalata cholumbirira chofotokoza mmene makina ake amasungira masamba, ndipo makhothi ambiri alandira masamba otere akabwera ndi chikalatacho, pomwe ena awakana akabwera okha. Pa mafayilo otengedwa m'kompyuta ya ofesi, akatswiri amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa hash, imene imawerengedwa kuchokera m'fayilo yonse ndipo imasinthiratu ngakhale chilembo chimodzi chikasinthidwa. Nambala ya kope ikafanana ndi ya fayilo yoyamba, ndiye kuti palibe chakhudzidwa. Wopempha imelo kapena fayilo ina ayenera kunena ngati akuifuna mmene ilili m'kompyuta, chifukwa ikasindikizidwa pa pepala imataya zobisika zosonyeza amene anailemba, tsiku ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza.

Chikalata chikawoloka malire a dziko, chidindo cha ofesi imene inachitulutsa sichidziwikanso, ndipo pamafunika wina wotsimikiza chidindocho. Kale pepala linkayenda kuchoka ku ofesi kupita ku unduna woona za ubale ndi maiko ena, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene likupita. Pangano la ku The Hague la pa 5 October 1961, limene maiko oposa 120 analowamo, linafupikitsa ulendowu kukhala setifiketi imodzi yotchedwa apostille, koma pakati pa maiko amene sali m'panganoli njira yakale ija ikadalipo. Apostille imatsimikiza siginecha, udindo wa wosaina ndi chidindo, ndipo sinena kanthu za zolembedwa m'kati. Ngati ofesi ya dziko linalo singatulutse chikalata mwaufulu, chisamani cha khothi la kuno sichigwira ntchito kumeneko, ndipo woweruza amalembera makhothi a dzikolo kalata yopempha thandizo, njira imene pangano lina la ku The Hague la 1970 linaikonza pa milandu yosakhala ya upandu. Chikalata cha m'chinenero china chimafunikanso kumasuliridwa ndi womasulira amene adzalumbire kuti wamasulira mokhulupirika, kuphatikizapo mawu a pa zidindo ndi a m'mphepete. Zonsezi ziyenera kutha tsiku loikidwa ndi khothi lopatsirana zikalata ndi mbali inayo lisanakwane, chifukwa pepala lobwera mochedwa woweruza akhoza kulikana ngakhale lili ndi zidindo zonse, kapena kuimitsa mlandu n'kulamula wochedwayo kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pa tsikulo.